Kukhala Wopanda Inshuwalansi: Tanthauzo la Mawuwa ndi Zimene Lamulo Limanena

Mawu akuti inshuwalansi, amene ena amawalemba kuti inshulansi, ndi obwereka ku Chingerezi, koma anakhazikika m'Chichewa kalekale moti kondakitala wa minibasi kapena mayi wogulitsa kaunjika amawatchula osaganiza n'komwe kuti ndi achilendo. Tanthauzo lake ndi pangano limene munthu amapangana ndi kampani kuti iye azilipira ndalama yochepa nthawi ndi nthawi, ndipo kampaniyo idzasenze mtolo wa chiwonongeko ngati tsoka limene latchulidwa m'panganomo litagwa. Ndalama za anthu ambiri zimaponyedwa m'thumba limodzi, ndipo popeza tsoka siligwera onse tsiku limodzi, ochepa amene lawagwera amathandizidwa ndi zimene ambiri anasonkha. Nzeru imeneyi si yachilendo kwa anthu amene amasonkha ufa, nkhuni ndi ndalama pamaliro podziwa kuti chaona mnzako chapita mawa chili pa iwe. Kusiyana kwake n'kwakuti inshuwalansi ndi pangano lolembedwa limene khoti lingathe kulikakamiza, ndipo limathandiza okhawo amene analowamo tsoka lisanagwe.

Pofuna kutchula munthu kapena chinthu chimene chili kunja kwa pangano lotere, Chingerezi chili ndi liwu limodzi lakuti uninsured, pamene Chichewa chimatenga mneni wakuti kupanda n'kumugwirizanitsa ndi dzina limene akulifotokoza, motero pamamveka galimoto yopanda inshuwalansi, nyumba yopanda inshuwalansi, katundu wopanda inshuwalansi kapena wantchito wopanda inshuwalansi. Kalankhulidwe kameneka n'komveka bwino, komabe kali ndi kamsampha, chifukwa kamapereka chithunzi chakuti inshuwalansi ndi chinthu chomatidwa pa galimoto kapena pa nyumba monga utoto, chimene chilipo kapena palibe. Pamaso pa lamulo chimene chimatetezedwa si chitsulo kapena njerwa ayi, koma chiopsezo chimene munthu wina wake ali nacho, chakuti angataye chuma chake, thanzi lake, moyo wake, kapena kuti angakakamizike kulipira munthu wina amene iye wamupweteka. N'chifukwa chake galimoto imodzi yomweyo ingathe kukhala ndi inshuwalansi pa chinthu china n'kukhala yopanda inshuwalansi pa china, ndipo funso loyenera kufunsa nthawi zonse ndi lakuti pangano limene lilipo likuteteza yani, ku tsoka liti, ndiponso mpaka ndalama zingati.

Pamsewu

M'mbali zambiri za moyo kukhala wopanda inshuwalansi si mlandu. Munthu amene sanateteze nyumba yake ku moto kapena sitolo yake ku akuba sanaphwanye lamulo lililonse, wangosankha kudzasenza yekha zimene zingagwe. Pamsewu zinthu n'zosiyana, chifukwa lamulo la zapamsewu la dziko la Malawi, lotchedwa Road Traffic Act, limene linakhazikitsidwa mu 1997, limaletsa kuyendetsa kapena kuloleza wina kuyendetsa galimoto pamsewu popanda inshuwalansi yoteteza anthu ena, imene madalaivala amangoitchula kuti third party. Dzinali limachokera pa kawerengedwe ka mbali za pangano: mbali yoyamba ndi mwini galimoto amene wagula inshuwalansi, yachiwiri ndi kampani imene yamugulitsa, ndipo yachitatu ndi munthu wina aliyense amene sanasaine kanthu koma angavulazidwe kapena kuphedwa ndi galimotoyo, kaya ndi mwana wowoloka msewu pochokera kusukulu, wapanjinga wonyamula makala, kapena mayi amene wayala tomato m'mphepete mwa msewu wa M1. Lamuloli limakhudzanso njinga zamoto, kuphatikizapo za kabaza, ngakhale ambiri mwa oziyendetsa amaziona ngati njinga zakapalasa zimene zangopatsidwa injini.

Chifukwa chimene boma limakakamizira inshuwalansi imeneyi, pamene silikakamiza ya nyumba, chagona pa funso lakuti amalira ndani. Nyumba yopanda inshuwalansi ikapsa amalira ndi mwini wake, amene anali ndi mwayi wosankha. Galimoto yopanda inshuwalansi ikagunda munthu amalira ndi wogundidwayo pamodzi ndi ana ake, amene sanafunsidwe tsiku limene mwini galimoto anaganiza zosunga ndalama ya inshuwalansi kuti agulire mafuta. Mawu akuti galimoto yopanda inshuwalansi amamveka ngati akunena za kusowa kwa mwini wake, koma kusowako kumagwera munthu wina, ndipo apa m'pamene pali kuipa kwenikweni kwa mchitidwewu.

Pamalo a chipikisheni wapolisi wa pamsewu amaima kutsogolo kwa galimoto, amawerama pang'ono n'kuwerenga timapepala timene tamatidwa pa galasi lakutsogolo, kuona nambala ya galimoto ndi tsiku lothera, kenako amafunsa laisensi ya dalaivala ndi kuona ngati chiphaso chotsimikizira kuti galimotoyo ndi yoyenera kuyenda, chimene chimadziwika ndi dzina lakuti COF, chikugwirabe ntchito. Zonsezi zimatenga mphindi imodzi, ndipo madalaivala ambiri anafika poganiza kuti ntchito ya kapepala ka inshuwalansi imathera pomwepo, kuti ndi kongotsegulira msewu basi. Maganizo amenewa ndi amene amachititsa ena kugula timapepala tachinyengo kwa madobadoba oimirira pafupi ndi maofesi, kapena kulipira mwezi umodzi wokha kuti apeze zikalata zina kenako n'kuiwala. Kapepala kachinyengo kangathe kumupusitsa wapolisi wotopa ndi dzuwa, koma tsiku la ngozi kampani imene dzina lake lalembedwapo imatsegula mabuku ake n'kupeza kuti galimotoyo siidziwa.

Kukhala ndi pepala koma wopanda chitetezo

Pali njira zingapo zimene munthu amene analipira moona mtima angapezekere kuti ali kunja kwa pangano. Yodziwikiratu ndi kutha kwa nthawi, popeza pangano limathera pa tsiku limene lalembedwa, ndipo ngozi yochitika m'mawa mwake imakhala ya galimoto yopanda inshuwalansi ngakhale mwini wake atakhala kuti analipira mokhulupirika zaka khumi zapitazo. Ina ndi kugulitsana galimoto, chifukwa inshuwalansi ndi pangano la munthu amene anaigula, ndipo siingosamukira yokha kwa mwini watsopano monga mmene limasamukira tayala la sipeya, choncho wogula galimoto ayenera kukaonana ndi kampani asanadalire kapepala kamene wakapeza pa galasi. Inanso ndi kubisa zoona pa nthawi yogula, pakuti pangano la inshuwalansi limaima pa chikhulupiriro chakuti wogula waulula zonse zofunika, ndipo kampani ikapeza kuti inanamizidwa pa chinthu chachikulu ingathe kukana udindo.

Njira imene imagwetsa ambiri m'dziko muno ndi kugwiritsa galimoto ntchito yosiyana ndi imene inalembedwa. Munthu amagula inshuwalansi yotsika mtengo ya galimoto yoyendera iye ndi banja lake, kenako n'kuyamba matola, kunyamula anthu ndi matumba a chimanga molipiritsa pakati pa tawuni ndi kumudzi. Chiopsezo cha galimoto yonyamula anthu khumi tsiku lililonse n'chachikulu kuposa cha galimoto yopita kuntchito ndi kutchalitchi, ndipo kampani imene inalandira ndalama ya chiopsezo chaching'ono imatsutsa kuti sinalonjeze kusenza chachikulu. Zimachitikanso chimodzimodzi galimoto ikapatsidwa kwa mphwake wopanda laisensi, kapena minibasi ikanyamula anthu opitirira chiwerengero chovomerezeka. Ngati kampani ili ndi ufulu wokana kulipira wovulala pa zifukwa zotere ndi nkhani imene khoti limagamula poyang'ana mawu a pangano ndi a lamulo, ndipo wovulala asangovomera kukanidwa koyamba ngati mawu omaliza, koma mwini galimoto adziwe kuti wadziika pamalo oterera.

Kusiyana kwa third party ndi inshuwalansi yokwanira, imene imatchedwa comprehensive, kumasokonezanso ambiri. Yoyambayo imalipira anthu ena okha, moti mwini galimoto amene wagunda mtengo kapena amene galimoto yake yabedwa salandira kanthu, ndipo pa tsoka limenelo iye ndi wopanda inshuwalansi ngakhale akumvera lamulo. Yachiwiriyo imaphatikizapo kuwonongeka, kupsa ndi kubedwa kwa galimoto yake yomwe, ngakhale kawirikawiri pamakhala gawo loyamba la ndalama limene mwini wake amalipira yekha kampani isanaikepo zake.

Ufulu wa wovulala

Munthu amene wavulazidwa chifukwa cha kusasamala kwa dalaivala ali ndi ufulu wolandira chipukuta misozi, ndipo ufulu umenewu sudalira kuti galimoto inali ndi inshuwalansi kapena ayi. Mfundo imeneyi ndi yofunika kuitsindika, chifukwa mabanja ambiri akamva kuti galimoto inalibe inshuwalansi amangogwa ulesi n'kunena kuti nkhani yatha. Udindo wolipira umabadwa kuchokera pa cholakwa, ndipo umagwera dalaivala amene sanasamale komanso bwana wake ngati ngoziyo inachitika dalaivalayo ali pantchito imene anatumidwa. Inshuwalansi imangoyankha funso lakuti ndalamazo zichokera m'thumba la yani. Makhoti poyeza chipukuta misozi amaona ululu ndi kuvutika kumene munthu wadutsamo, zinthu zimene sangathenso kuchita monga kulima kapena kuyenda mtunda wautali, zipsera ndi kulumala, ndalama zimene wawononga kuchipatala, ndi kuchepa kwa mphamvu zake zopezera ndalama, ndipo munthu akamwalira, amene ankamudalira monga mkazi, mwamuna, ana kapena makolo okalamba ali ndi ufulu wodandaula pa thandizo limene lawatayikira.

Galimoto ikakhala ndi inshuwalansi, gawo 148 la Road Traffic Act limapatsa wovulala mphamvu yosumira kampani ya inshuwalansi mwachindunji m'dzina lake, ngakhale iye sanapangane nayo kanthu. Mphamvu imeneyi ili ndi malire awiri amene aliyense ayenera kuwadziwa. Oyamba ndi a nthawi: ufulu wosumira kampani mwachindunji umatha pakapita zaka ziwiri kuchokera pamene ngozi inachitika, pamene milandu ya kuvulala kwa thupi payokha iyenera kuyambika zisanathe zaka zitatu malinga ndi lamulo loika malire a nthawi yosumira, lotchedwa Limitation Act. Banja limene likudikira malonjezo a mwini galimoto chaka ndi chaka lingadzidzimuke khomo litatsekeka. Achiwiri ndi a ndalama: kampani imalipira mpaka pa mlingo umene walembedwa m'pangano, ndipo m'milandu yambiri imene yagamulidwa ku khoti lalikulu m'zaka zapitazi mlingo umenewu unali K5 miliyoni. Khoti likagamula ndalama zoposa pamenepo, zotsalazo zimafunidwa kwa dalaivala ndi mwini galimoto, amene pa gawo lotsalalo amakhala opanda inshuwalansi. Kwacha ikamatsika mphamvu mlingo wotere umachepa tanthauzo, ndipo mwini minibasi wanzeru amafunsa mtengo wokwezera malirewo m'malo mongofunsa pangano lotsika mtengo kuposa onse.

Umboni ndi umene umasunga ufulu umenewu wamoyo. Nambala ya galimoto, dzina la kampani lolembedwa pa kapepala ka pa galasi, mayina a anthu amene anaona ngoziyo, lipoti la apolisi ndi lipoti la chipatala lofotokoza kukula kwa kuvulala ndi zinthu zimene loya aliyense amafunsa poyamba, ndipo zimavuta kuzipeza pakapita miyezi. Amene alibe ndalama zolipirira loya angathe kupita ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lopereka thandizo la zamalamulo kwa osowa. Ayeneranso kusamala ndi anthu amene amazungulira m'mawodi a zipatala kulonjeza chipukuta misozi chamsanga ndi kusainitsa odwala mapepala amene sanawawerenge, komanso ndi chipepeso cha pamaliro, pakuti thumba la ufa ndi bokosi zimene mwini galimoto wapereka ndi umunthu woyenera, koma kusaina kalata yonena kuti banja silidzafunanso kanthu ndi nkhani ina imene siyenera kuchitika misozi ili m'maso. Kampani ikamazengereza kapena kukana popanda chifukwa chomveka, dandaulo lingapite kwa woyang'anira mabungwe a zachuma, udindo umene lamulo la Financial Services Act la 2010 linaupereka kwa Gavanala wa Reserve Bank of Malawi.

Pamene galimoto ilibiretu inshuwalansi, ufulu umakhalapo koma kuutembenuza kuti ukhale ndalama kumavuta. Mnyamata wa kabaza amene wagunda mayi n'kumuthyola mwendo nthawi zambiri njingayo si yake, amapereka ndalama kwa mwini wake madzulo aliwonse n'kutsala ndi zogulira ndiwo, ndipo m'chipinda chake cha lendi muli mphasa, mbaula ndi foni. Khoti lingagamule mamiliyoni, asherifu n'kupita kukalanda katundu, koma chimene angapeze sichingalipire ngakhale ndodo zoyendera. Apa m'pofunika kufufuza mwini njinga kapena galimoto, amene kawirikawiri ali ndi chuma choposa dalaivala ndipo ndi amene analoleza kuti iyende pamsewu yopanda inshuwalansi. Chindapusa chimene dalaivala amalipira kuboma chifukwa chophwanya lamulo sichifika kwa wovulala, chifukwa mlandu wa boma ndi mlandu wa chipukuta misozi ndi iwiri yosiyana, ndipo kutha kwa umodzi sikuthetsa unzake.

Mayiko ena anauona mpata umenewu n'kuutseka m'njira zawo, ndipo Amalawi okhala kumeneko ayenera kuzidziwa. Ku Britain, kumene lamulo la 1930 linakakamiza inshuwalansi ya pamsewu, makampani a inshuwalansi anakhazikitsa mu 1946 bungwe la Motor Insurers' Bureau, limene limalipira anthu ovulazidwa ndi madalaivala opanda inshuwalansi kapena othawa pangozi, ndipo ndalama zake zimachokera kwa onse amene amagula inshuwalansi, pamene wogwidwa akuyendetsa wopanda inshuwalansi amalipitsidwa, amaikidwa mapointi a chilango pa laisensi ndipo galimoto yake ingalandidwe. Ku South Africa kuvulala ndi imfa za pamsewu zimalipiridwa ndi thumba la Road Accident Fund, limene limadzazidwa ndi msonkho woikidwa pa lita iliyonse ya mafuta, kotero kuti aliyense wothira mafuta wasonkhapo kale, koma thumbalo sililipira kuwonongeka kwa galimoto. Njira ya ku Malawi imadalira pangano la galimoto imodziimodzi, ndipo n'chifukwa chake kapepala kamodzi kakasowa banja lonse limagwa m'dzenje. Wotuluka m'dziko ndi galimoto akumbukirenso kuti inshuwalansi ya kuno imathera pamalire: wopita ku Zambia kudzera pa Mchinji amadalira chikalata cha COMESA chotchedwa Yellow Card, chimene chimavomerezeka m'mayiko amene analowa m'ndondomekoyi.

Kuntchito, kuchipatala ndi kumunda

Kuntchito lamulo la Workers' Compensation Act la 2000 limaika pa olemba ntchito udindo wolipira wantchito amene wavulala kapena kudwala chifukwa cha ntchito yake, ndipo bwana amene sanagule inshuwalansi sapulumuka udindowo, amangoyenera kulipira kuchokera m'thumba mwake. Lamulo la penshoni la 2011 linabweretsanso udindo wakuti olemba ntchito agulire antchito awo inshuwalansi ya moyo, kuti wantchito akamwalira banja lake lilandire kanthu kuwonjezera pa ndalama za penshoni. Pa nkhani ya chipatala mawu akuti wopanda inshuwalansi amalemera mosiyana malinga ndi dziko. Ku United States, kumene anthu oposa 25 miliyoni analibe inshuwalansi ya zaumoyo mu 2023, mawuwa amanena makamaka za munthu amene matenda angamusiye ndi ngongole yaikulu, pamene ku Malawi, kumene zipatala za boma sizilipiritsa pakhomo, munthu amene sali m'ndondomeko ya inshuwalansi ya zaumoyo ngati ya MASM amalandirabe chithandizo, kungoti mankhwala akasowa amakagula yekha ndipo ku zipatala za CHAM ndi zapulaiveti amalipira m'manja.

Pa katundu pali mkhalidwe wapakati umene ambiri sauzindikira, wokhala ndi inshuwalansi yoperewera. Mwini nyumba ya K40 miliyoni amene waiteteza pa K20 miliyoni pofuna kuchepetsa zolipira amaganiza kuti moto ukawononga za K10 miliyoni adzalandira zonse, popeza sizinafike pa mlingo wake. Mapangano ambiri ali ndi chiganizo chonena kuti amene wateteza theka la mtengo wa katundu wadzisungira yekha theka la chiopsezo, choncho pa chiwonongeko chimenecho kampani ilipira K5 miliyoni yokha. Mitengo ya simenti ndi malata ikamakwera chaka ndi chaka, munthu amene sanasinthe mlingo wake amalowa mu mkhalidwe umenewu osadziwa.

Ngakhale dziko lathunthu lingapezeke pakati pa kukhala ndi inshuwalansi ndi kukhala lopanda. Pa nyengo yaulimi ya 2015/16 boma la Malawi linagula inshuwalansi ya chilala ku African Risk Capacity, bungwe la African Union, imene siilipira poyendera minda koma poyeza mvula ndi kompyuta n'kuwerengera kuti ndi anthu angati amene akhudzidwa. Chilala cha El Niño chinagwadi, mu Epulo 2016 Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti dziko lili pa ngozi, ndipo anthu pafupifupi 6.5 miliyoni anafunika thandizo la chakudya, koma kompyutayo inaonetsa chiwerengero chochepa kwambiri moti poyamba sipanatuluke ndalama. Atafufuza anapeza kuti mawerengedwe anakhazikitsidwa pa chimanga chochedwa kucha, pamene alimi ambiri anali atabzala mbewu yocha msanga imene inakumana ndi ng'amba pa nthawi yake yovuta. Mawerengedwewo atakonzedwa bungwelo linavomera kulipira madola 8.1 miliyoni a ku America, ndipo ndalamazo zinafika mu Januwale 2017, miyezi isanu ndi inayi chilengezereni ngoziyo, anthu atabzala kale mbewu za nyengo ina.